Chitsime cha kwa Msiska

"Ngati mukufuna kuchikwirira, mundikwirire pamodzi," anatero Rachael, atakhala pachivindikiro cha chitsime, mikono atapinda pachifuwa. "Ine pano sindichoka yayi."

Meckson anatsamiritsa fosholo pawilibala n'kupukuta thukuta. Dzuwa la Okutobala linali lisanakwere kwenikweni, koma iye anali atatuta kale mawilibala asanu a dothi ndi zidutswa za njerwa, n'kuunjika pambali pa chitsimecho.

"Mayi a Stella, anthu akutiona."

"Atione! Kodi ndikuba? Chitsime ichi anakumba adada anga, inu musanadziwe n'komwe kuti Mzuzu ali mbali iti. Munachipeza pano pobwera kuchokera ku Ntchisi kwanuko. Nyumba khumi ndi ziwiri zimamwa pano. Zaka zonsezi munamvapo kuti wina wadwala ndi madzi a kwa Msiska?"

"Sindinanene kuti madzi ake ndi oipa. Ndi lamulo, ndipo munalimva nokha pamsonkhano. Uno ndi mzinda tsopano, si mudzi. Zitsime zonse za ku Mzilawaingwe zikwiriridwe Loweruka lisanafike, chifukwa Loweruka kukubwera mlendo wochokera kulikulu kudzatsekula mpopi wathu."

"Enya, ndinamva. Ndiye ndikufunseni inuyo, amene mumagwira za mapaipi kukhonsoloko. Madziwo munawaona akutuluka pampopi uja ndi maso anu?"

Meckson anayang'ana kukhonde. Stella, mwana wawo mmodzi yekhayo, wa zaka zinayi, ankasambitsa chidole chake m'kachitini uku akuchikalipira kuti n'chauve.

"Adzatuluka Loweruka."

"Sindinafunse za Loweruka. Ndafunsa za maso anu."

Funsolo linali ndi yankho, ndipo yankho lake Meckson ankalidziwa kuposa munthu aliyense mu Mzuzu. Mpopiwo anaumanga ndi iyeyo, pafupi ndi tchalitchi, wa simenti yosalala ndi milomo inayi yonyezimira. Koma paipi yake inkangoyenda mapazi makumi atatu pansi pa nthaka n'kuthera pomwepo, kuseri kwa mpanda wa tchalitchi. Kuchokera apo kukafika kupaipi yaikulu ya kumsewu unali mtunda woti munthu n'kuimba nyimbo yonse ya m'buku asanafike. Mapaipi olumikizira mtunda umenewo anabwera ndithu, ndipo Meckson anawatsitsa m'lole ndi manja ake. Mlungu womwewo anawakwezanso, kupita nawo kumtunda komwe kunkamangidwa nyumba za mabwana. Kapinga wa kumeneko anali ndi ludzu, ndipo ludzu la kapinga wa bwana silidikira.

Zonsezi sanazinene. Masiku amenewo munthu ankayamba wacheuka asananene ngakhale zoti kunja kwatentha. Komanso iye ankamudziwa Rachael: mkazi wa mtima wabwino, koma zimene wamva m'mawa, pofika masana amakhala atagawira aliyense wobwera ndi ndowa.

"Tamverani, mayi a Stella," anatero motsitsa mawu. "Ine ndine wantchito wa khonsolo. Bwana Herbert anena kuti ife tiyambe, anthu aonere kwa ife. Ndikapanda kukwirira, adzandifunsa kuti ndili mbali iti. Mukudziwa kumene amapita anthu ofunsidwa funso limenelo. Blackson wa zamisewu uja anangodandaula za phula pamowa, lero ali kuti? Mkazi wake watha nsapato kumufunafuna."

Dzina la Blackson linkaziziritsa nyumba iliyonse imene latchulidwa.

"Ndilonjezeni pamaso pa mwana uyu kuti madziwo aliko nadi."

"Aliko."

Liwulo linatuluka mosavuta, ndipo kusavuta kwakeko n'kumene kunamuopsa. Rachael anadzuka, natunga madzi kudzaza ndowa zonse, miphika yonse, mpaka beseni lochapira. Atatha anachotseratu yekha chivindikiro n'kulowa m'nyumba osacheuka. Meckson anakhuthula wilibala yoyamba. Madzi anachita phava pansipo, kenaka anayamba kulira mosamveka bwino, ndipo pofika wilibala ya khumi sankayankhanso.

Ali mkati mogwira, anabwera Rhoda, mayi wamasiye wa nyumba yoyandikana nawo, yemwe nayenso anali ndi kachitsime kake kumunsi.

"Monire, adada. Ndiye mwayambapo?"

"Ndayambapo, NyaHara."

"Yewo chomene, mwatimasula. Ife tonse timadikira inu. Tinapangana kuti a tcheyamani a Chipani alankhule mpaka mawu athe, koma ife tiona kwa bambo a Stella. Munthu wa mapaipi sangakwirire chitsime chake madzi kulibe. Akakwirira iye, basi ndiye kuti zoona."

Meckson anafuna kuti amuitane pamene ankatembenuka. Pakamwa anatsekula ndithu, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Wilibalayi mukhoza kubwereka ndikatha." Pofika madzulo a tsiku lotsatira, zitsime zonse zisanu ndi ziwiri za mbali imeneyo zinali zitasanduka milu ya dothi lofiira.

Lachinayi m'mawa Meckson analimba mtima nagogoda pa ofesi ya Bwana Herbert, mkulu wa zomangamanga. Anali munthu waukhondo, wonunkhira sopo, wosakweza mawu. Sankafunika kukweza mawu, popeza anthu ankamumvera asanamalize.

"Bwana, ndi za mapaipi a ku Mzilawaingwe."

"Tsekani chitseko. Look here, Meckson. Pulogalamu inapita kale kulikulu. Tsiku analemba, amayi aphunzira nyimbo, mbendera zachapidwa. Mukufuna ndiimbe foni kuti mlendo asabwere?"

"Ayi bwana. Kungoti paipi ija sinafike pena paliponse."

"Ndikudziwa. Kuseri kwa tchalitchi kuli chulu chachikulu, eti? Mutenge thanki ija ili pabwalo la ntchito, mukaikhazike pachulupo, muilumikize kupaipi yanu. Muzungulize mpanda wa udzu kuti zioneke ngati bafa la abusa. Lole idzathira madzi Lachisanu. Simple."

"Nanga akatha madziwo, bwana?"

"Mapaipi akubwera mwezi wamawa."

"Ndiye mwina zitsime zija tikanazisiya kaye mpaka..."

Bwana Herbert anavula magalasi n'kuwaika patebulo mosamala.

"Lipoti lathu linanena kuti anthu a ku Mzilawaingwe asiya kumwa m'mayenje. Mlendo adutse pakati pa zitsime, amayi akukoka zingwe, ndiye adzati lipotilo analemba ndani? Kapena inuyo mukuona kuti boma silikudziwa chimene likuchita?"

"Ayi bwana, sindinatero."

"Ndimayesa. Munachita bwino kuyamba ndi chanu, ndamva. Anthu otere timawakumbukira."

Meckson anatuluka atathokoza. Inde, anathokoza, mpaka kuwerama pang'ono pakhomo. Thanki anakaikhazika tsiku lomwelo, ndipo anaimanga bwino, chifukwa anali mmisiri wosadziwa kugwira ntchito yosalongosoka ngakhale ntchitoyo ikhale yabodza.

Loweruka kunali chisangalalo choti munthu sangachiiwale. Amayi anavina kuyambira m'mawa, fumbi lili kobo. Zebedee, tcheyamani wa nthambi ya Chipani m'deralo, anathamanga uku ndi uku atavala jekete padzuwa, kuonetsetsa kuti aliyense akuomba m'manja. Mlendo anafika mochedwa ndi maola atatu, nalankhula za chitukuko, za mzinda wamakono, za kutha kwa umbuli womwa madzi pamodzi ndi achule. Kenaka anapotokola mpopi. Madzi anatuluka mwamphamvu mpaka kumunyowetsa nsapato, ndipo nthungululu zinamveka mpaka ku Chiputula. Anamupatsa tambula koma sanamwe, anangoikweza m'mwamba kuti wojambula ajambule.

Pobwerera kunyumba Rachael anamugwira dzanja mwamuna wake, chinthu chimene sankachita pagulu.

"Mundikhululukire, bambo a Stella. Ndinakukayikirani pachabe. Madzi ake ozizira chomene, ndipo opanda chingwe, opanda kuwerama."

Meckson akanakonda kuti mkaziyo amutukwane. Stella anali paphewa pake, akumuguguda pamutu ndi timanja tonyowa.

Madzi anatha Lachiwiri masana. Lole inabweranso kamodzi, mwina chifukwa woyendetsa anaiwala kuti mwambo unatha, ndipo anatha kachiwiri Lachisanu. Mlungu wotsatira Bwana Herbert anaitana Meckson n'kumuuza kuti thanki ija ikufunika kudera lina, komwe mlendo wina adzatsekule mpopi wina. Mzinda unkakula, mipopi inkachuluka, koma thanki inali imodzi. Meckson anapita nthawi ya masana, amayi onse ali kudambo, naimasula mwakachetechete. Kukamwa kwa paipi anatsekako ndi kansanza kamene anapeza m'thumba la zida, n'kufotsera ndi dothi.

Kudambo kumeneko kunali kamtsinje kowonda, koyenda mwaulesi m'munsi mwa chitunda. Pachitundapo panali nyumba zothithikana za anthu obwera kudzafuna ntchito mumzinda, ndipo nyumba iliyonse inali ndi chimbudzi chake chokumba, china chopendekeka, china chodzaza. Kale anthu ankangochapako kudamboko. Tsopano Rachael, Rhoda ndi anzawo ankalawirira kukakumba timaenje mumchenga n'kumadikira madzi otuwa kuti adikhe. Rachael ankawiritsa akumwa, inde, koma nkhuni zinali zovuta, ndipo mwana wa zaka zinayi samwera pakhomo pamodzi. Amamwa paliponse pomwe ludzu lamupeza.

Madzulo aliwonse Meckson akamaweruka, ankapeza amayi atakhala pasimenti ya mpopi wouma uja.

"Mwatandala uli, adada? Nanga maji?"

"Pali chitsulo china chawonongeka kumsewu. Tikukonza."

"Yewo. Ife tikudalira inu."

Ankamukhulupirirabe, ndipo zimenezo zinkamudya mkati kuposa chipongwe. Anayamba kudzera njira yakuseri, ya m'chinangwa, ngati munthu wothawa apongozi.

Mvula yoyamba inagwa kumayambiriro kwa Novembala, yamphamvu, ya tsiku limodzi. Anthu anatchera ndowa m'madenga n'kuthokoza Mulungu, koma madzi amenewo anatha m'masiku awiri, ndipo kumwamba kunaumanso. Chimene mvulayo inasiya n'chakuti inatsuka chitunda chonse, ndi zonse za m'zimbudzi zake, n'kutsitsira mudambo.

Tsiku lachitatu Meckson anapeza mkazi wake atakhala pampando, patebulo pali kansanza kamatope.

"Mukukadziwa aka?"

"Kansanza."

"Ndi thumba la ovolosi yanu yakale. Chigamba ichi ndinasoka ndine, ndi ulusi wobiriwira chifukwa wakuda unanditha. Mvula yakokolola dothi kuseri kwa tchalitchi. Ndimadutsa ndi ndowa, ndangoona paipi yasuzumira panja. Ndati ndione kumene ikupita. Sikupita kulikonse, bambo a Stella. Yangothera pamenepo, ndi kansanza kanu kukamwa."

Meckson anakhala pansi.

"Tsitsani mawu."

"Nditsitse mawu? Mwatsitsa mawu inu mwezi wathunthu, tapindula chiyani? Munadziwa kuyambira tsiku lija?"

"Ndinadziwa."

"Ndipo munalonjeza pamaso pa mwana."

"Mukanafuna nditani? Ndikananena, Mzilawaingwe yense akanamva tsiku lomwelo. Akanafunsa kuti wayambitsa ndani. Bwenzi lero muli ngati mkazi wa Blackson, mukuyenda m'maofesi ndi mwana kumbuyo. Ndinachita zimenezi kuti ndikhalebe nanu."

"Mukananong'oneza ine ndekha. Mukuyesa ndine chitsiru choti sindingasunge nkhani yoti ingaphe mwamuna wanga? Za anthu ndimalankhula, enya, koma za m'nyumba mwanga munazimvapo kunja? Tikanayala matabwa pakamwa pa chitsime, n'kuthira dothi pamwamba, n'kubzalapo ngakhale mbatata. Mlendo akanadutsa, a Zebedee akanaona mulu n'kukhutira, ife m'mawa mwake n'kufukula. Koma inu munathira njerwa, mawilibala makumi angati, mpaka kupondaponda ndi mapazi."

Nzeruyo inali yapafupi kwambiri. Matabwa anali nawo, anayi, atatsamira kuseri kwa khitchini. Mantha anamuphunzitsa kumvera ndi mtima wonse, osasiya ngakhale kampata.

"Mwana wa Rhoda wayamba kutsekula m'mimba dzulo," anatero Rachael, mawu atatsika tsopano. "Kwa a Nyirenda awiri agona. Mawa mutenge khasu mufukule chitsime cha adada."

"Ndiyambe ndalankhula ndi a tcheyamani."

"Chiuta wanga! Mukapemphe chilolezo chomwa madzi?"

Anapitabe. Zebedee anamulandira pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo atamva nkhaniyo anayang'ana uku ndi uku, ngakhale panalibe wina koma nkhuku.

"A Meckson, inu ndinu munthu wophunzira. Kukumba chitsime n'kunena kuti chiyani? N'kunena kuti mpopi sukugwira ntchito. Mpopi anatsekula ndani? Ndiye mukuti munthu wamkulu ngati uja anabwera kudzatsekula chinthu chabodza?"

"Koma madzi sakutuluka, a tcheyamani. Mukuona nokha."

"Ine ndikuona mpopi. Wangopuma, basi. Kumtunda ndinalemba kale kuti anthu akusangalala chomene. Mukakumba inu, mawa akumba onse, ndiye adzafunsa ine kuti ndinali kuti. Nanenso ndili ndi ana, adada. Dikirani mapaipi. Mwezi wamawa si kutali."

Meckson anadikira. Ndi zimene ankadziwa kuchita. Rachael anasiya kumulankhula, kupatula kumuuza kuti chakudya chili patebulo. Tsiku lina anatenga yekha khasu n'kuyamba kupalasa pamulu paja, koma anyamata awiri a Chipani anabwera kudzaima pampanda osanena kanthu, ndipo Meckson anamulanda khasulo n'kukalibisa kudenga. Anadikira masiku asanu ndi limodzi. Tsiku lachisanu ndi chiwiri, kutangocha, Stella anayamba kusanza.

Pofika masana mwanayo anali atatsekula m'mimba kosawerengeka, madzi okhaokha. Maso analowa mkati, milomo inauma, ndipo kulira kwake kunalibe misozi. Meckson anamunyamula kuthamanga naye kuchipatala, Rachael akutsatira ndi nsalu ndi kapu. M'chipinda cha ana munali modzaza, ana awiri kapena atatu pabedi limodzi, ena pamphasa. Nkhope za amayi ambiri anazidziwa. Anali omwe aja ankamupatsa moni pampopi.

Namwino anavutika kupeza mtsempha, koma pomaliza anamuika diripi. Kenaka anatembenukira kwa Meckson.

"Wodikirira ndi mmodzi, bambo. Inu tulukani."

Rachael anamutsatira mpaka pakhonde. Kanali koyamba kumuyang'ana m'maso mlungu wonsewo.

"Musaime pano ngati mlonda. Pano palibe chimene mungachite. Mwanayu akatuluka akamwa chiyani? Omwe aja? Pitani mukakumbe."

"Ndikumba."

"Osati mawa. Osati mukafunse kaye."

"Ndati ndikumba."

Anayamba madzulo omwewo, dzuwa likadalipo, aliyense akuona. M'mawa mwake sanapite kuntchito ndipo sanatumize uthenga. Dothi linali lofewa pamwamba, koma pansi njerwa zija zinali zitagwirana, moti ankazizula imodziimodzi ndi manja mpaka zala kutuluka magazi. Chodabwitsa n'chakuti mantha aja, amene anamusenzetsa katundu zaka zonsezi, sankawamvanso. Anali ndi mantha ena aakulu, ndipo ang'onoang'onowo analibe pokhala.

Zebedee anafika dzenje litafika m'chiuno.

"A Meckson, mukudziwa chimene mukuchita?"

"Ndikudziwa."

"Ndiyenera kukanena. Musadzandide."

"Kaneneni. Mukawauzenso kuti paipi ilibe kolowera, ndi kuti thanki ndinachotsa ndine. Amayi, mwamva? Mpopi uja sunalumikizidwe. Madzi munavinira aja anabwera pa lole. Ine ndinkadziwa, ndipo ndinakusiyani mukwirire zitsime zanu."

Amayi asanu kapena asanu ndi mmodzi anali ataima kumpanda. Meckson ankayembekeza mwala kapena malovu, ndipo akanazilandira. Rhoda, yemwe mwana wake anali atangoyamba kudzuka, anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka analowa, natola chingwe chakale cha chitsimecho, namangirira ndowa.

"Za inu tidzakamba bwino, adada, ndipo mudzazimva," anatero. "Pakali pano dzazani ndowayi."

Azibambo anaonerera chapatali, ena n'kutseka zitseko zawo. Koma amayi anagwira chingwe mosinthana, kukoka dothi n'kukataya. Zebedee anachoka akupukusa mutu. Patapita ola limodzi mkazi wa Zebedee yemweyo anabwera, osapereka moni kwa aliyense, nalowa pamzere wokoka chingwe.

Tsiku lotsatira Meckson analawirira kuchipatala ndi phala. Anamulola kusuzumira pawindo. Stella anali maso, ndipo atamuona anagwedeza milomo. Rachael anatuluka kudzalandira phalalo.

"Akuti bwanji anamwino?"

"Akuti tione lero. Madzi a diripi atha, akudikira ena. Koma wayang'ana, ndipo wafunsa za chidole chake. Mwafika pati?"

"Ndapitirira msinkhu wanga kawiri. Dothi layamba kuzizira. Lero ndiwapeza."

"Ndiye mukuchedweranji pano?"

Anabwerera akuthamanga, mtima utapepukako. Anatsikira m'dzenje ndi chingwe, nakumba osapuma, osadya. Kumwamba kunkaoneka ngati mbale yoyera, ndipo m'mphepete mwake munkasuzumira mitu ya amayi. Rhoda anamuuza kuti galimoto ya khonsolo inaima kumsewu m'mawa, munthu wina n'kufunsa nyumba ya Meckson, ndipo anati abweranso. Meckson anangoti, "Abwere," n'kudzaza ndowa ina.

Cha m'ma fili koloko khasu linatuluka ndi matope. Anazula njerwa zina zitatu, ndipo pansi pa yachitatuyo panayamba kunyezimira. Madzi anatuluka pang'onopang'ono, ofiira ndi dothi, nazungulira zala za kumapazi kwake. Anali ozizira monga kale.

"Afika!" anafuula. "NyaHara, madzi afika! Akadikha mawa timwa!"

Kumwamba kunamveka nthungululu, zenizeni, zopanda wozilamula. Wina anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi ndipo ena anailandira. Meckson anadzaza ndowa ndi matope, nagwedeza chingwe, ndowa inakwera. Anaseka yekha pansipo, misozi ikusakanikirana ndi thukuta.

Nyimbo ija inaduka pakati pa vesi.

Anadikira ndowa, koma siinatsike. Anayang'ana kumwamba, mitu yonse ija inali itachoka.

"Tsitsani ndowa! Kodi mwatopa?"

Anaganiza kuti ndi galimoto ija yabweranso, ndipo anapukuta manja pabuluku, wokonzeka kupita nawo kulikonse. Kenaka anamva mayi wina akuyamba kulira chapansipansi, wina n'kumulandira, ndipo kulirako kunafalikira pabwalo ponse.

Pakamwa pa chitsime panasuzumira nkhope imodzi. Anali Rachael. Kumsana anali atabereka, koma nsalu yachiwiri inaphimba mwanayo mutu wonse, dzuwa likuswa mtengo chonchi. Anali atayenda naye wapansi kuchokera kuchipatala.

"Mayi a Stella, amutulutsa? Wagona?" Mawu ake anagunda m'makoma a dzenje n'kumubwerera. "Muvundukuleni, atentha. Taonani, madzi aja ndawapeza."

Rachael anayang'ana madziwo, nayang'ana mwamuna wake. Sankalira, ndipo mawu ake anali osalala.

"Tulukani, bambo a Stella. Khasulo muwapatse azibambo awa. Pali kwina koti akakumbe, ndipo dzenje lake silikhala lalitali ngati ili."